Mabuku a mavampaya ndi matsenga a achinyamata: akoma pati, alephera pati?

Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani, ndipo a Sir musandiseke. Mwana wa achemwali anga amene ndikukhala naye kuno ku Lilongwe ali Fomu 3. Sabata yathayi ndikuyala pabedi pake ndinapeza Twilight, buku la mtsikana Bella wokondana ndi vampaya (munthu womwa magazi), pansi pa pilo, chikuto chitathothoka, masamba atafewa ngati ndalama ya mu minibasi. Akuti wabwereka kwa mnzake. Sindinakwiye ayi. Ndinangokhala pansi, chifukwa buku lomweli ndi limene linkandigoneka mochedwa mu 2009 ndili kusukulu yogonera konko. Ife tinachita kulidula patatu ndi lezala kuti anthu atatu aziwerenga nthawi imodzi, moti wopatsidwa chigawo chomaliza ankadziwa mathero asanadziwe kuti Bella anafika bwanji ku tauni ya Forks. Tinkawerenga ndi tochi m'bulangete, mabatire akafooka n'kumawaluma kuti awalitseko pang'ono.

Ndiye ndinati ndiliwerengenso, ndamaliza dzulo usiku. Anthuni, mutu wanga sukugwira. Bukuli limakokabe, mpaka ndiwo zinapserera pamoto. Koma Edward, mnyamata wa m'bukumo amene ndinkamulota ndili ndi zaka 16 uja, lero ndikumuona ngati munthu wokamunenera kupolisi. Amalowera pawindo usiku n'kumaonerera mtsikana ali m'tulo, mwiniwake osadziwa. Iye anabadwa mu 1901, mtsikanayo ali ndi zaka 17. Ife tinkati ndicho chikondi chimenecho.

Mwanayu wandipempha kuti ndimupezere lachiwiri, New Moon. Ndimupezere? Komanso ndikufuna timve kwa inu amene mumawerenga mabuku otsatizana a mtundu umenewu, a mavampaya, afiti, mizimu, ana a milungu: chokoma chake n'chiyani kwenikweni, ndipo amagwa pati?

Mjoni_wa_ku_Mzimba:
Kkkkkk 1901? Asisi, ameneyo kwathu timangoti chidyamakanda basi. Mwayi wake ngwakuti nkhope siikalamba. Akanakhala ndi dazi ndi mimba ya mowa bwenzi buku litathera pa tsamba 20, mkuluyo ali m'chitokosi.

Sir wa Literature:
Sindikusekani Mayi Nachisale. Mupezereni. Ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni chinthu chimodzi: mwana amene wamaliza yekha buku la masamba pafupifupi 500, popanda chikwapu, popanda mayeso omudikira, wawoloka mtsinje umene ana ambiri sawoloka moyo wawo wonse. Ine ndimavutika chaka chathunthu kuti kalasi imalize kabuku kopyapyala ka pa silabasi. Mwana yemweyo mum'patse la mavampaya Lachisanu, Lolemba abwera maso ali psuu, akufunsa lotsatira.

Ndipo si mwangozi. Olemba ake amadziwa ntchito. Nthawi zambiri nkhani amaifotokoza mwiniwake, "ine", moti wowerenga amangolowa m'khungu lake. Mutu uliwonse umathera pamene mtima uli m'mwamba. Koma chachikulu ndi ichi: mwana wa zaka 14 kapena 15 amadziona ngati mlendo paliponse. Thupi likusintha, mawu akusweka, kunyumba samumvetsa, kusukulu amamuseka. Kenako buku likumuuza kuti chimene chikukusiyanitsa ndi anzakocho si chilema, ndi mphamvu yobisika, ndipo kwinakwake kuli anthu onga iwe akukudikira. Mwana uti angakane uthenga wotere?

Chimene chimandipweteka ine ndi zimangirizo zawo zikabwera. Mwana wa ku Ntcheu, sanaonepo sinowo chibadwire, akulemba kuti anadzuka sinowo ikugwa pawindo, mnyamata wa maso agolide atayima panja. Ndimalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti, kodi kwanu kulibe fumbi?

Tiya_wa_Mkaka:
A Sir mwalasa. Koma ndikupempha tisayeze mabuku onse ndi Twilight, chifukwa limenelo ndi la m'badwo wa anti Nachisale kkkk pepani anti. Ine amene anandigwira ndi a Percy Jackson. Ndi asanu oyambirirawo, kuyambira 2005 mpaka 2009, mnyamata amayamba ali ndi zaka 12 n'kumaliza ali ndi 16, ndipo ulosi umene wanenedwa koyambirira umakwaniritsidwa komaliza. Nkhani inayamba, inayenda, inatha.

Chimene ndimawakondera ndi chakuti wolemba wake, Rick Riordan, anali mphunzitsi, ndipo nkhaniyi anayamba kuifotokozera mwana wake amene ankavutika kuwerenga komanso kukhazikika m'kalasi. N'chifukwa chake Percy naye zilembo zimamuvinira pa pepala, ndipo buku limati ndi chifukwa choti ubongo wake unapangidwira Chigiriki chakale. Mlongo wanga wamng'ono anabwereza Sitandade 5 kawiri, kunyumba ankangomutcha mbuli. Ndinkamuwerengera mutu umodzi madzulo alionse, ndikumasulira m'Chichewa pamene pavuta. Tsiku lina ndinachedwa kubwera, ndinamupeza walitenga yekha, chala chili pa mzere, milomo ikugwedera. Sanachire, mpaka pano amawerenga pang'onopang'ono. Koma anasiya kudzitcha mbuli.

Komanso ndi oseketsa. Phiri la milungu la Olympus akuti lili pamwamba pa Empire State Building ku New York, pa nsanjika ya 600. Bella sanandiseketsepo ngakhale kamodzi.

Nachisale:
Iwe Tiya, anti ndi ndani pano? Kkkk. Koma za kuseka wanena zoona. Bella amangodandaula ngati wamwa thobwa losasa.

Amayi a Mvano:
Ine pepani ndilowererepo, mwina ndikhala wosiyana nanu. Sindinawerenge mabuku amenewa ndipo sindikufuna. Koma mwana kumagona ndi buku la anthu omwa magazi pansi pa pilo, inu mukuona kuti zili bwino? Ufiti ndi ufiti, kaya wavala jekete la kusukulu ya azungu. Tikuwazoloweretsa ana zinthu zamdima, mawa tidzadabwa. Mabuku abwino alipo ambiri.

Mjoni_wa_ku_Mzimba:
Amayi, ndi ulemu wonse, kandimverere anakanena za m'maluwa. Muwerengeko kaye limodzi. Mavampaya a m'buku limenelo amamwa magazi a nyama zakutchire, amapita kusukulu, bambo wawo ndi dokotala, ndipo mnyamatayo amakana kugona ndi mtsikana mpaka atakwatirana. Ena a kwaya sangafikepo.

Wa_ku_Phalombe:
Amwene a ku Joni, musawaseke amayiwa. Ine mabukuwa ndimawerenga ndipo ndimawakonda, koma chimene akunenacho chili ndi pogwira, kungoti mwina osati mmene akuchinenera.

Mtsikana wa ku America akamawerenga za vampaya amadziwa kuti ndi nthano. Akatseka buku, zatha. Ife mu 2017 kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje mphekesera ya anamapopa inavuta zedi. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata anatseka misewu n'kumasecha galimoto iliyonse, ndipo anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa kuti amapopa magazi. Mlendo wongonyamula chikwama ankakhala pa ngozi. A United Nations mpaka anachotsako antchito awo kwa kanthawi. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi mabuku awiri a mavampaya m'nyumba, lina lili ndi magazi pachikuto. Ndinawakulunga m'thumba la fetereza n'kuwaika kudenga. Osati kuti ndinkakhulupirira, koma ndinkadziwa kuti wina akangowaona, sindipatsidwa mpata wofotokoza kuti ndi nkhani yachikondi.

Ndiye ine sindiopa kuti mwana awerenga buku n'kusanduka mfiti. Zimenezo ayi. Ndimangoti buku lomwelo limalemera mosiyana malinga ndi kumene ukuliwerengera. Kumeneko mawu oti mfiti ndi chovala cha pa chikondwerero cha Halloween. Kuno ndi mawu amene amaphetsa agogo. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi mphezi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma ndani amalikumbuka anthu akatenga zibonga?

Amayi a Mvano:
Zikomo bambo a ku Phalombe. Sitikugwirizana zonse koma mwandimva.

Mjoni_wa_ku_Mzimba:
Ndagonja. Pepani amayi, pakamwa panathamanga.

Chipewa Chachikulu:
Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo, chifukwa zafika pakhomo panga. Ena mukudziwa kuti ndine wa khungu lachialubino. Buku loyamba limene ndinapezamo munthu wonga ine ali mwini nkhani, osati mzukwa kapena chigawenga, ndi Akata Witch la Nnedi Okorafor, la 2011. Sunny ali ndi zaka 12, anabadwira ku America, akukhala ku Aba ku Nigeria, ndi mwalubino, amakonda mpira koma dzuwa silimulola. Kusukulu amamunena. Nditafika pamene akufotokoza zoyenda ndi ambulera anzake akumuyang'ana, ndinatseka buku kaye n'kutuluka panja. Zimenezo sanandiuze munthu, ndinazikhala.

Zokoma zake ndi zambiri. Matsenga ake sanabwerekedwe ku Ulaya, ndi a komweko, mpaka zilembo zakale za nsibidi zilimo. Ndipo ndalama zawo, zimene amazitcha chittim, sumazipeza pogwira ganyu kapena kuba: zimagwa kuchokera m'mwamba ukaphunzira chinthu chatsopano, ndipo zamkuwa ndi zamtengo kuposa zagolide. A Sir, ganizirani kalasi yanu ikanakhala choncho.

Koma pali ziwiri zimene zimandilasa. Choyamba, Sunny akangolowa m'gulu la amatsengawo, dzuwa limasiya kumuwotcha, mpaka kukasewera mpira masana. Ndinamva ngati andilanda mnzanga. Ine mafuta oteteza khungu ndidzadzola mpaka kufa, chipewa sindivula, ndipo ndinkafuna ngwazi imene ikupambana ili ndi chipewa chake kumutu. Chachiwiri ndi cholemera kwambiri. Bukuli limalumikiza khungu lake ndi mphamvu zake za mizimu. Ndikudziwa kuti wolembayo ankafuna kusandutsa chitonzo kukhala ulemu. Koma ife kuno kuyambira cha m'ma 2014 takhala tikusakidwa, manda athu akufukulidwa, chifukwa cha bodza lomwelo loti m'thupi mwathu muli mphamvu ina yake. Palibe. Ndi khungu chabe. Ndiye uthenga umene a Sir anena uja, woti chokusiyanitsa ndi anzako ndi mphamvu yobisika, kwa ena ndi mankhwala, kwa ine uli ndi minga.

Ndimalikondabe. Otsatira ake a 2017 ndi 2022 ndinawerenganso. Koma mwana wachialubino ndingamupatse nditakhala naye pafupi.

Sir wa Literature:
Apa ndaphunzira. Mfundo ija ndakhala ndikuinena m'kalasi zaka zonsezi osaiona mbali imeneyi. Zikomo kwambiri.

Tiya_wa_Mkaka:
Achimwene a Chipewa, lachiwirilo muli nalo la pepala? Ine ndinangopeza loyamba, pachikuto analemba What Sunny Saw in the Flames, ndinachita kudabwa kuti ndi buku lomwelo.

Chipewa Chachikulu:
Ndi lomwelo, ku Nigeria analitulutsa ndi dzina limenelo. Mawu oti akata kumeneko ndi onyoza, amanenera anthu akuda obadwira kunja. Lachiwiri ndili nalo koma lili ku Zomba kwa msuweni wanga, ndikuuza likabwera.

Kalulu_Wanzeru:
Inu mwalowa zakuya, ine ndibwere ndi dandaulo la m'thumba. Vuto lalikulu la mabuku amenewa ndi kusatha. Wolemba akaona kuti loyamba lagulidwa, nkhani imayamba kutamuka ngati chingamu. The Mortal Instruments anayenera kukhala atatu, ndipo lachitatu la 2009 linatseka nkhani bwinobwino. Kenako anawonjezera ena atatu mpaka 2014, osawerengera a makolo awo akale ndi ena otsatira. Ndipo chimene chinandigwira pakhosi mabuku awiri athunthu n'chakuti mtsikana ndi mnyamata okondanawo anauzidwa kuti ndi pachibale, mimba imodzi, kenako n'kudzati ayi linali bodza. Mabuku awiri ndikuwerenga ndi nkhope yokwinya ngati ndatafuna bwemba.

Harry Potter naye, ndi ulemu wonse kwa okonda ake. Loyamba la 1997 lili ndi masamba 223. Lachisanu la 2003 lili ndi 766, ndipo theka lake mnyamata akungokalipira anzake. Munthu akatchuka palibenso womuuza kuti dulani apa.

The Vampire Diaries ndiye zinafika poipa. Mayi amene anayamba kuwalemba mu 1991 analemba ngati waganyu wa kampani, umwini sunali wake. Mu 2011 anamuchotsa, mabuku n'kumapitirira kulembedwa ndi munthu wina, dzina la mayiyo lili pachikuto. Pamenepo mukuona kuti si nkhaninso, ndi chigayo.

Ndipo kwa ife ogula pa kaunjika ndi chilango chapadera. Upeza loyamba pa mulu wa pamsika, lachitatu kwa mnyamata woyala mabuku pakhonde la sitolo, lachiwiri kulibe dziko lonse. Ine ndili ndi mabuku oyamba asanu ndi awiri a nkhani zosiyanasiyana. Ndimadziwa mmene dziko linayambira kugwa kasanu ndi kawiri, sindikudziwa amene analipulumutsa.

Nachisale:
Kkkkkk a Kalulu mwandipha. Koma nanga Breaking Dawn, lachinayi la Twilight lija? Masamba mazanamazana akusonkhanitsa mavampaya a dziko lonse, a ku Ireland, a ku Egypt, a ku Amazon, kukonzekera nkhondo ndi a Volturi, mafumu a mavampaya. Tsiku lafika, ayima pabwalo mbali ziwiri, akambirana, kenako aliyense n'kubwerera kwawo. Ngati mlandu wa mbuzi kwa a nyakwawa. Opanga filimu mu 2012 anachita kuikamo nkhondo ya m'masomphenya kuti anthu asafunse ndalama zawo.

Mjoni_wa_ku_Mzimba:
Ndipo pali lamulo loti mtsikana azikhala ndi anyamata awiri, wina wozizira wina wotentha. Mabuku atatu akulephera kusankha. Mapanga awiri avumbwitsa, koma m'mabuku amenewa savumbwa, amapeza onse awiri akumudikirabe ndi maluwa. Ine ndinangochedwa kuyankha meseji tsiku limodzi, basi ndinapeza malo atatsekedwa.

NaBanda_Leeds:
Ndafika mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Ndibwerere ku funso la Nachisale chifukwa ine ndi limene landikhudza. Ndili ndi ana aakazi awiri kuno, ndipo mabuku otere ali mbwee m'laibulale ya kusukulu kwawo.

Ine mano a vampaya sandiopsa. Chimandiopsa ndi chikondi chimene akuphunzitsa. Mu Eclipse, lachitatu la Twilight, Edward amachotsa chitsulo mu injini ya galimoto ya Bella kuti asapite kukaona mnzake Jacob, n'kumati akumuteteza. Mu New Moon, mnyamatayo atamusiya, pali masamba anayi opanda kanthu, pangolembedwa mayina a miyezi, October mpaka January. Monga luso la kalembedwe ndi zamphamvu, ndikuvomera, ndinalira nditaziona koyamba. Koma zikumuuza chiyani mwana? Kuti mwamuna akachoka, moyo wako ndi pepala loyera. Kenako mtsikanayo amayamba kudziika pa ngozi dala, njinga zamoto, kudumpha pa phompho, kuti azimva mawu a mnyamatayo m'mutu mwake.

Ine ndinakwatiwapo ndi munthu amene ankasecha foni yanga, kundiletsa anzanga, kundiperekeza kulikonse. Zaka ziwiri zoyamba ndinkanyadira, ndinkati amandikonda kwambiri. Sindikunena kuti ndi buku linandichititsa, pakuti ngakhale alangizi ena amakuuza kuti nsanje ya mwamuna ndi chizindikiro cha chikondi. Koma buku linathirira mbewu imene inalipo kale.

Ndiye mupezereni, Nachisale, chifukwa mukamukaniza akaliwerengabe pa foni ya mnzake ndipo sadzakuuzaninso kanthu. Koma muziwerenga naye. Mukafika pa galimoto paja mumufunse kuti, iwe mnyamata atakuphwetsera matayala a njinga kuti usapite kwa mnzako, ungati chiyani?

Tiya_wa_Mkaka:
Ndipo za Jacob kukondana ndi khanda longobadwa kumene m'buku lomaliza zija, palibe amene angandifotokozere n'kumveka. Ayi ndithu.

Sir wa Literature:
Pa Jacob pomwepo pali nkhani ina imene sitinaikhudze. Mtundu wake wa Quileute si wopeka. Ndi anthu enieni, amakhala ku La Push m'boma la Washington, ali ndi chiyankhulo chawo ndi mbiri yawo. M'nthano zawo muli zoti makolo awo anachokera ku mimbulu, koma zosanduka mimbulu kuti amenyane ndi mavampaya ndi zopeka za wolemba. Lero dziko lonse limawadziwa ngati anyamata ovula malaya a m'filimu. Tangoganizani mlendo abwere masiku awiri, aone Gule Wamkulu, abwerere kwawo n'kukalemba mabuku anayi oti akapoli ndi zilombo zodya anthu usiku, mabukuwo n'kugulidwa mamiliyoni. Tingamve bwanji?

Ndi ulesi womwewo umene unachitika mu 2016 pamene wolemba Harry Potter anatchula sukulu za matsenga za padziko lonse. Ulaya ali ndi zitatu. Africa yense anatchulapo imodzi, Uagadou, ndipo anthu atafunsa kuti ili dziko liti ndi pamene zinamveka kuti ku Uganda.

Kalulu_Wanzeru:
Mwana wa ku Nsanje kukayamba Fomu 1 ku Uganda, thiransipoti yake ndani alipire kkkk.

Wa_ku_Phalombe:
Pa lichero ndi ulere amwene.

Admin:
Kkkk a Phalombe, inu nomwe munatichenjeza aja? Tiyeni tibwerere pa mutu. Komanso amene mukuulula mathero a mabuku muzichenjeza kaye, ena sanawerenge.

Mlembi_Wobisala:
Ine ndili ndi funso limene landisowetsa tulo zaka zitatu, chifukwa ndikuyesa kulemba buku lotere m'Chichewa ndipo ndaima pa mutu wachinayi. Zipangizo tili nazo zochuluka kuposa azungu. Ndondocha: munthu amene anthu anamuika m'manda koma ali kuseri kwa nyumba ya wina, lilime lodulidwa, akugwira ntchito usiku. Napolo akamasamuka kuphiri kupita kunyanja, kukokolola midzi. Sapitwa pamwamba pa Mulanje, kumene amati ukapeza chakudya chokonzedwa udye wekha osaitana mnzako. Afisi okwerapo. Nsupa. Zonsezi mwana wa kuno amazidziwa asanayambe sukulu.

Koma ngwazi yanga ndiitche chiyani? M'Chingerezi mnyamata akauzidwa kuti ndiwe wizard, wowerenga amasangalala. M'Chichewa ndilembe kuti "ndiwe mfiti"? Buku lathera pomwepo, mwanayo athamangitsidwa m'mudzi. Ndilembe sing'anga? Anthu aona mkulu wa mikanda ndi mchira wa nyumbu. Wamatsenga? Akumveka ngati wochita masewera pa msika. Chiyankhulo chathu chilibe mawu a munthu wamphamvu zotere amene ndi wosalakwa, chifukwa kwathu mphamvu siibwera yaulere. Wokhwima aliyense anapereka chizimba, ndipo chizimba chake nthawi zambiri ndi m'bale wake.

Sir wa Literature:
A Mlembi, chimene mukuchiona ngati khoma ndiye chuma chanu. Chofooka chachikulu cha mabuku ambiri amene tatchulawa n'chakuti mphamvu siilipiridwa. Bella amasanduka vampaya ndipo amapeza zonse: kukongola, moyo wosatha, mwamuna, mwana, chuma, ngakhale bambo ake samutaya. Mabuku atatu akutiuza kuti kusandukako ndi imfa, kuti vampaya watsopano amalusa chaka chathunthu, kenako iye n'kudzuka wodziletsa ngati sisitere. Ndipo olemba amaswa malamulo awo omwe akapanikizika. Mu Harry Potter wachitatu muli kachipangizo kobweza nthawi m'mbuyo, kanapulumutsa miyoyo, koma mtsikana anapatsidwa kuti azipezeka m'makalasi awiri nthawi imodzi. Anthu akuluakulu akufa m'mabuku otsatira, palibe woganiza zokagwiritsa ntchito, mpaka wolemba anachita kuziphwanya zonse m'buku lachisanu.

Tsono taonani Kamdothi amene agogo ankatisimbira. Lamulo ndi limodzi: mwana woumbidwa ndi dothi asanyowe ndi mvula. Mayi ake amamuimbira kuti athawe mitambo ikabwera, iye amathawa, amathawa, tsiku lina wapita patali. Ndipo nthano siimunyengerera, amasungunuka. Tonse tinalira pamoto paja, ndipo palibe amene anaiwala. Mphindi zisanu zokha, koma yasunga lamulo lake kuposa masamba 700.

Ndiye lembani mwana amene wapeza kuti mphamvu ali nayo, sanaipemphe, ndipo akudziwa mtengo wake komanso zimene mudzi ungamuchite ukadziwa. Dzina lake la chimene ali lisapezeke n'komwe, azilisaka buku lonse. Ine limenelo ndingaligule.

Chipewa Chachikulu:
Ndipo agogo a m'nkhani yanuyo asakhale mfiti chonde. Akhale amene akumubisa mwanayo.

Mlembi_Wobisala:
Mwanditsegula m'maso. Agogo anali mfiti ndithu mu mutu wachiwiri. Ndikukawasintha usiku uno.

Kalulu_Wanzeru:
Koma likhale limodzi a Mlembi. Mukangoti "buku loyamba mwa asanu" ine ndituluka pagulu. Children of Blood and Bone linatuluka 2018, lachiwiri 2019, lachitatu tinadikira mpaka 2024. Ndinayamba ndili mbeta, pomaliza ndili ndi ana awiri, ndipo kalonga wa m'nkhaniyo anali akusinthabe maganizo kuti ali mbali iti.

Amayi a Mvano:
Ine maganizo anga sanasinthe, kwanga sadzalowa. Koma za mayi a ku Leeds zija zowerenga limodzi ndi mwana ndazitenga. Ndiyamba kufunsa anga zimene akuonera pa mafoni, chifukwa kumenekonso sindidziwa.

Nachisale:
Ndabwera ndi lipoti. Madzulo ano tikusenda mbatata ndinamufunsa mwana uja kuti Edward amamuona bwanji. Ndinakonzeka ndi ulaliki wonse wa NaBanda. Iye osadzutsa n'komwe mutu, akuti, "Anti, ameneuja ndi wotopetsa. Munthu wa zaka zoposa 100 akubwerezabe sekondale? Ine ndimawerengera Alice, amene amaona zam'tsogolo uja, ndi bambo ake a Bella, amandimvetsa chisoni, amangodya nsomba yekhayekha." Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti ine ndinkamukonda Edward, chifukwa amayi ake anamuuza kuti ndinalemba dzina lake pa chikwama changa cha kusukulu. Achemwali anga ndi wachinyengo.

Lachiwirilo ndimupezera. A Kalulu, pa mabuku anu oyamba asanu ndi awiri aja palibe New Moon yosochera?

Kalulu_Wanzeru:
Ndili ndi Eclipse iwiri. Musandifunse kuti zinatheka bwanji.

Tiya_wa_Mkaka:
New Moon ndili nayo ine anti, koma masamba 30 omaliza anadyedwa ndi chiswe. Ndibwera nayo Loweruka, tikumane kudepoti cha m'ma 10. Ndimubweretseranso Percy woyamba, ameneyo ndi wathunthu.